Pepala Limene Alamu Anga Sanawerenge

1

Ine ndine munthu wa mapepala. Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pakampani ya ndege, koma musaganize kuti ndinkauluka ayi. Ofesi yanga inali kachipinda kopanda zenera kuseri kwa shedi yokonzeramo ndege, kodzaza mafayilo mpaka kudenga. Amakaniko ankanditcha Mayi Chidindo, chifukwa pepala lopanda chidindo ndinkalibweza ngakhale mwini wake atagwada pansi. Dzinalo ndinkalinyadira, ndisakunamizeni.

Kampani yathu inali yaing'ono, ndege zinayi ndi oyendetsa makumi awiri ndi atatu. Mmodzi mwa iwo anali alamu anga, amuna a achemwali anga, amene aliyense ankangowatcha Kaputeni ngati kuti enawo ankayendetsa ngolo. Munthu ameneyu anatsala pang'ono kutaya laisensi yake youlutsira ndege, ine ndili pomwepo, pakamwa nditatseka. Zina ndikuuzani pa nthawi yake, musandithamangitse.

Lolemba lina kunabwera chikalata chochokera ku bungwe la boma loyang'anira za ndege. Kuti mumvetse, ndege za masiku ano zili ndi kompyuta imene woyendetsa amaiuza njira: tichoka apa, tidutsa apo, tikhota chonchi, titsika chonchi. Ikamva, imatsogolera ndege yokha. Tsono zinapezeka kuti pulogalamu ya m'makompyuta a ndege ngati zathuzo inali ndi kachilema. Woyendetsa akalowetsa kale njira yotsikira, kenako a pansanja yotsogolera ndege n'kumuuza kuti akatere cholowera kumbali ina ya msewu wa ndege, kompyutayo inkasintha dzina la msewu pagalasi koma m'mimba mwake n'kusunga mkhotero wakale. Ndege inkatha kukhotera kumanzere pamene imayenera kupita kumanja.

Lamulo la bungwelo linali la tsamba limodzi. Mpaka opanga pulogalamuyo atakonza, woyendetsa akasintha msewu afufute njira yonse, alowetsenso poyambira, kenako ayerekeze ndi mapu a papepala. Aliyense awerenge ndi kusaina pamndandanda pofika Lachisanu 4 koloko. Wosasaina asakhudze ndege.

Abwana anga anaponya chikalatacho patebulo panga.

“Mayi Chidindo, ng'ombe zako ndi izi. Uzikuse zonse zilowe m'khola pofika Lachisanu.”

“Oyendetsa anuwa amasaina osawerenga, bwana.”

“Ndiye uwaimirire pamutu. Suja umatero kale?”

Ndinawaimiriradi pamutu. Wina ndinamutsekereza pakhomo la chimbudzi, wina ndinamulanda kapu ya tiyi mpaka atawerenga mokweza. Alamu anali patchuthi sabata imeneyo, koma Lachisanu m'mawa anatulukira kudzatenga ndandanda ya maulendo awo. Analowa mu ofesi yanga akuseka monga mwa nthawi zonse.

“Mlamu, ukadali moyo m'dzenje lakoli? Tsiku lina mafayilowa adzakugwera, tidzachita kukufukula ndi fosholo.”

Anasaina mapepala atatu a maola awo, anandinena kuti ndawonda, n'kumapita. Madzulo abwana anasuzumira pakhomo kufunsa ngati mndandanda wadzaza. Ndinati wadzaza. Mizere yonse makumi awiri ndi itatu inali ndi siginecha, ndipo ndinadinda n'kutumiza 4 koloko isanakwane.

2

Lolemba lotsatira kunacha ndi mitambo yolemera. Masana ndikusanja mafayilo, makaniko wina analowa osagogoda, manja ali bii ndi girisi.

“Mayi Chidindo, mwamva za alamu anu?”

Ndinasiya mafayilo n'kugwira tebulo.

“Ali moyo, musagwe! Onse ali moyo. Koma ati kunatsala kachidutswa chabe.”

Nkhani yake inali yotere. Alamu ankatsikira pabwalo lina lokhala pakati pa mapiri, m'ndege muli anthu makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Mphepo itatembenuka, a pansanja anawauza kuti asinthe msewu. Iwo anasintha mmene akhala akusinthira zaka zonsezi, kungodina kawiri basi. Wachiwiri wawo anali kalikiliki ndi wailesi, ndipo sanakayike kanthu, poti ndani angayang'anire zala za Kaputeni? Ali mumtambo, osaona ngakhale nsonga ya phiko, ndege inakhotera kumanzere, kumene kunali phiri. Chida chochenjeza chinayamba kukuwa kuti akwere. Alamu anakoka ndi mphamvu zawo zonse, ndege inanyamuka ngati yaponda moto, ndipo anadutsa pamwamba pa mitengo. Mtsikana wothandiza anthu m'ndege anagwa n'kuthyoka mkono. Anazungulira, anatera bwinobwino ulendo wachiwiri.

Makanikoyo akufotokoza, ine ndinathamangira kuchimbudzi n'kukasanza. Nditatuluka ndinapeza azimayi a mu ofesi akundidikira ndi madzi.

“Magazi ndi magazi,” anatero mmodzi akundisisita pamsana. “Taonani mmene wawakondera alamu ake mwanayu.”

Ndinamwa madziwo osayankha.

3

Lachitatu a bungwe anafika. Wotsogolera anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula motsitsa, amene ukamuyankha chilichonse ankangoti, “Bwerezani.” Pofika masana kampani yonse inali itamutcha Mayi Bwerezani.

Anatiitanira m'chipinda cha misonkhano: alamu, abwana, wamkulu wa oyendetsa ndege, ndi ine ndi fayilo yanga.

“Kaputeni, n'chifukwa chiyani simunafufute njira monga lamulo linanenera?”

“Lamulo liti, mayi?”

“Bwerezani.”

“Ndati lamulo liti? Ine lamulo limenelo ndalimva koyamba nditatera, wachiwiri wanga akunjenjemera n'kumandifunsa. Sindinalionepo.”

Mayiyo anatambasula dzanja kwa ine, ndipo ndinamupatsa mndandanda. Anauyala patebulo n'kuloza mzere wachisanu ndi chiwiri. Alamu anawerama. Anayang'anitsitsa siginechayo.

“Dzanjali ndi langa,” anatero. “Koma pepalali sindinaliwerenge. Ndikulumbira pali Mulungu.”

“Ndiye munasaina osawerenga?”

“Zimenezo sindinachitepo chiyambireni kuuluka. Funsani aliyense muno.”

Zinali zoona. Alamu ndi munthu amene amawerenga ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa. Mayi Bwerezani anatembenukira kwa ine, magalasi ali pamphuno.

“Inu osunga mndandanda, Kaputeni anabwera mu ofesi yanu sabata yatha?”

“Anabwera Lachisanu m'mawa. Anasaina mapepala.”

“Bwerezani.”

“Anabwera Lachisanu m'mawa, anasaina mapepala.”

Mawu onsewo anali oona, ndipo ndinawasankha bwinobwino ngati munthu wosankha tomato pamsika. Alamu anandiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati akundipempha kuti ndiwakumbutse. Ine maso anali pafayilo.

Tsiku lomwelo anawaimitsa kuuluka mpaka mlandu utamveka. Poti iwo ankakanabe, mayiyo anatumiza mndandandawo kwa katswiri woona zolemba pamanja, pamodzi ndi mabuku akale okhala ndi siginecha yawo. Masabata awiri amene tinkadikira yankho sindinkadya. Ndinkati katswiriyo ndiye anena zoona, ine ndipume, zanga zikhale zanga. Yankho litabwera, abwana anandiwerengera ali chilili pakhomo. Katswiri anati siginechayo ndi ya Kaputeni, popanda chikaiko.

“Ndiye basi,” anatero abwana akupukusa mutu. “Munthu wabwinobwino uja. Iwe usadandaule, mapepala ako ali bwino. Wayeretsa kampani.”

4

Kunyumba kwa achemwali ndinkapitabe Loweruka lililonse, chifukwa kusiya kupita kukanadabwitsa anthu. Achemwali ndi namwino, mkazi wa mtima wa mwala pa ntchito koma wofewa pa ine. Bambo athu atamwalira ndi iwo amene anandilera, ndipo mpaka ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri ankandifunsabe ngati ndavala juzi. Nthawi imeneyi anali oyembekezera, pathupi poyamba patatha zaka khumi ndi chimodzi ali m'banja. Miyendo inali itatupa, koma ankayendabe uku ndi uku kusamalira mwamuna amene sankatulukanso pakhomo.

Alamu anasintha. Nthabwala zinatha. Mkwiyo wa masiku oyamba uja unathanso, ndipo chimene chinabwera m'malo mwake chinali choipa kuposa mkwiyo. Anagula kabuku kakang'ono n'kumalembamo chilichonse: ndatseka mpopi, ndamwa tiyi, ndaika makiyi pawindo. Akatha ola ankadzifunsa okha n'kutsegula kabukuko kuti aone ngati akhoza.

Achemwali anandikokera kukhitchini.

“Ukudziwa mmene apongozi anga aamuna anathera? Anayamba chonchi, kuiwala tinthu ting'onoting'ono. Pomaliza ankamufunsa mwana wawo yemweyu kuti ndinu ayani. Ndiye alamu akowa akuti matenda aja awapeza.”

“Koma adokotala anati chiyani?”

“Anawayeza zonse, ati mutu uli bwino. Iwo akuti makina sangaone chiyambi chake. Dzulo andifunsa kuti, kodi mwanayu akadzafika zaka khumi ndidzakhala ndikumudziwa? Mng'ono wanga, ine ndatopa.”

Anatsamira paphewa panga n'kulira. Ine ndinawagwira, ndinawapukuta misozi ndi nsonga ya mpango wanga, ndinawauza kuti Mulungu sagona. Inde, ine amene. Pakamwa pangapa panatuluka dzina la Mulungu osaluma lilime.

Ndikutsazika, alamu anandiperekeza mpaka pageti. Anaima atagwira chitsulo cha geti.

“Mlamu, iwe suiwala kanthu, tonse timadziwa. Ndiuze zoona, usandimvere chisoni. Unandiona ndi maso ako ndikusaina pepala lija?”

Pamsewu pankadutsa galimoto ya zinyalala. Ndinadikira kuti idutse, ngati kuti phokoso lake ndi limene linkanditsekereza.

“Munasaina mapepala angapo tsiku lija, alamu.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Ndiye kuti zayambadi. Zikomo, mlamu. Ukanandinamiza ndikanadzapha anthu.”

Ndinayenda mpaka pokwerera basi. Ndinkadzida, abale, ndinkadzida mpaka kununkhidwa ndi khungu langa lomwe. Koma Lolemba ndinapita kuntchito n'kukadinda mapepala monga kale.

5

Mlandu unamveka patatha masabata asanu ndi limodzi, m'chipinda cha bungwe chokhala ndi tebulo lalitali ndi fani yolira. Kutsogolo kunakhala akuluakulu atatu, Mayi Bwerezani pakati. Achemwali anawalola kukhala kumbuyo kwa amuna awo. Ine ndinali pampando wa mboni, fayilo ili pamwendo.

Loya wa alamu anali atakonzeka kupempha kuti angowaimitsa miyezi ingapo n'kuwabweza kusukulu. Asanatsegule pakamwa, alamu anaimirira. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa laisensi yawo, kabuku kothaitha m'makona, n'kukaika patebulo ndi manja awiri.

“Akuluakulu, musavutike ndi kundilanda. Ndapereka ndekha. Ngati ndingawerenge lamulo, ndisaine, n'kuiwala zonse ngati sizinachitike, ndiye kuti sindiyenera kunyamula ana a anthu. Ndinayamba kulota ndege ndili wosavala nsapato, ndipo china chimene ndimadziwa palibe. Koma ndisadikire tsiku limene phiri silidzandiphonya.”

Loya anawakoka jekete, iwo anamuchotsa dzanja. Achemwali anaphimba nkhope. Mayi Bwerezani anatambasula dzanja kuti atenge kabuku kaja.

“Musatenge.”

Anali mawu anga. Ndinapezeka nditaimirira, fayilo itagwa pansi.

“Musatenge, mayi. Kaputeni pepala lija sanalione. Ndinasaina ndine.”

Onse anatembenukira kwa ine. Kenako ndinafotokoza. Lachisanu lija atabwera mu ofesi ndinaiwala kuwapatsa lamulolo. Ndinazindikira hafu pasiti 3 kuti mzere wawo uli mbee. Ndinawaimbira foni kasanu, inali yozimitsa. Kukawauza abwana kukanatanthauza kuti alamu achotsedwe paulendo wa Lolemba, ndipo aliyense adziwe kuti Mayi Chidindo waiwala. Ndinatseka chitseko, ndinasaina, ndinapinda pepala la lamulo n'kuika m'chikwama changa kuti ndikawapatse Lamlungu kunyumba.

“Ndipo Lamlungu munawapatsa?”

“Ndinaiwalanso.”

Mayiyo anavula magalasi.

“Mayi, ndaonapo achibale akudzipereka kuti apulumutse wawo. Katswiri wathu sanalakwitsepo. Akuti dzanjalo ndi la Kaputeni.”

Anang'amba pepala m'buku lake, analikankhira kwa ine pamodzi ndi cholembera.

“Bwerezani.”

Ndikanakhala ndi nzeru ndikanachedwa pang'ono, ndikananjenjemeretsa dzanja. Koma dzanja silidziwa kunama. Linayenda lokha kamodzi n'kamodzi, chilembo chachikulu chopendekera, kamchira kobwerera pansi, timadontho tiwiri pamapeto. Mayiyo anaika pepala langa pambali pa mndandanda, ndipo akuluakulu aja anawerama. Mmodzi analiza kakhweru.

Alamu anakhala pansi. Sanandiyang'ane n'komwe, ankangoti, “Ndiye kuti mutu wanga uli bwino? Mutu wanga uli bwino?” Amene ankandiyang'ana anali achemwali. Sankayang'ana nkhope yanga. Ankayang'ana dzanja limene linali litagwirabe cholembera.

6

M'mawa mwake achemwali anabwera kunyumba kwanga, atakwera masitepe onse mpaka pansanjika yachitatu ndi mimba yawo. Ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinawapatsa madzi, anakana.

“Za ntchito yako ndilibe nazo,” anatero. “Munthu amachita mantha, amabisa. Ndaona madokotala akubisa zazikulu kuposa izo. Mwina tsiku lina ndingakukhululukire ngakhale za masabata asanu ndi limodzi amene unatiyang'ana tikuvunda. Ndabwerera mafunso awiri.”

“Funsani, achemwali.”

“Ine ndagona ndi mwamuna ameneyu zaka khumi ndi chimodzi, koma siginecha yake sindingailembe ngakhale undipatse tsiku lonse. Iwe dzulo unailemba osapumira. Unaiphunzira liti?”

“Ndimaiona tsiku lililonse m'mabuku a kuntchito.”

“Umaonanso za enawo. Talemba ya wachiwiri wawo uja ndione.”

Sindikanatha kuilemba, ndipo iwo ankadziwa.

“Funso lachiwiri. Ndinakulera ine. Uli ndi zaka zisanu unkandikumbutsa tsiku lomwetsa mayi mankhwala. Kuiwala kamodzi, chabwino. Koma kawiri? Lamlungu lija unabwera ndi chikwama chako, unakhala nacho pamwendo nthawi yonse. Kenako unanyamuka usanamalize tiyi, uli mutu ukupweteka. Chinakuthamangitsa n'chiyani?”

Tsono ndikuuzeni inu owerenga zimene ndinawauza iwo, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Alamu ndinayamba kuwaona ine. Ndinali ndi zaka makumi awiri, iwo ali pasukulu ya zoulutsa ndege, akubwereka chipinda moyandikana nafe. Ankabwera kwathu tsiku ndi tsiku, kundithandiza masamu, kundiseka, ndipo ine chitsiru ndinkayesa akubwerera ine. Tsiku lina anandipatsa envulopu n'kunena kuti, “Ukawapatse akulu ako.” Ndinanyamula makalata awo chaka chathunthu. Paukwati wawo ndine amene ndinagwira maluwa. Anandipatsa buku la masamu atalemba patsamba loyamba kuti kwa mng'ono wanga, n'kusaina pansi. Siginecha imeneyo ndinaikopera kuseri kwa makope, pamanyuzipepala, pagalasi la bafa likachita nthunzi, zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito ya m'kachipinda kopanda zenera ija ndinaifunira iwo. Amuna atatu anandifunsira, onse ndinawapezera zifukwa. Sindinawakhudzepo alamu, sindinawauzepo, ndipo ndinkadzitcha munthu woyera chifukwa cha zimenezo. Lachisanu lija ndinaiwala lamulo chifukwa anandiuza kuti ndawonda, ndipo mutu wanga unangodzaza ndi zoti andiyang'ana.

Lamlungu sindinaiwale. Pepala linali m'chikwama, dzanja langa lili kale pazipi. Ndi pamene achemwali anagwira dzanja la amuna awo patebulo n'kutiuza ine ndi mayi kuti ali ndi pakati, kuti Lachisanu masana anazimitsa mafoni chifukwa anali kuchipatala kukamva mtima wa mwana. Mayi anaimba nyimbo. Alamu anagwada n'kupsompsona mimba ya akazi awo ife tikuona. Ine nsanje inandigwira. Zaka zonsezo, kusabereka kwawo ndi kumene kunkanditonthoza mobisa, Mulungu andikhululukire. Ndinatulutsa dzanja pazipi. Ndinati ndiwapatsa mawa, lero asangalale okha. Mawa lakelo alamu ananyamuka mbandakucha ine ndisanafike kuntchito, ndipo foni ndinali nayo m'manja koma sindinaimbe, chifukwa sindinkafuna kumva mawu awo ali osangalala.

Nditamaliza, achemwali anakhala pampando uja anaukana. Anagwira mimba.

“Anthu makumi asanu ndi asanu ndi atatu,” anatero. “Ndi bambo a mwana uyu. Chifukwa ine ndatenga pakati.”

“Pepani, achemwali.”

“Pepani sapoletsa chilonda. Ndinkakupatsa makiyi a nyumba yanga, iwe. Ndinkakuuza za kuchipinda kwanga.”

Anadzuka movutikira, ndipo nditafuna kuwagwira mkono anandiyang'ana mpaka ndinabweza dzanja. Ali pakhomo anatembenuka.

“Alamu ako sindiwauza zimenezi. Ndinakusambitsa ine, sindingakuvule pamaso pa mwamuna. Koma kwanga usadzapondeko.”

7

Papita chaka ndi miyezi inayi. Laisensi anawabwezera alamu, ndipo akuuluka. Opanga pulogalamu ija anakonza kachilema kawo. Ine anandichotsa ntchito, bungwe linandiletsa kugwiranso pepala lililonse la ndege, ndipo khoti linandipatsa chilango chosesa pachipatala miyezi isanu ndi umodzi. Mtsikana wothyoka mkono uja ndinakamupepesa, anandimvetsera mpaka kumapeto n'kutseka chitseko. Zonsezo ndinazilandira, zinandiyenera.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi ndi china. Alamu anandikhululukira. Iwo amadziwa kuti ndinachita mantha ndi abwana basi, ndipo munthu wa mtima wawo uja sasunga zotere. Amanditumizira moni kudzera kwa mayi. Mwana anabadwa wamkazi, tsopano akuyenda chogwira mipando, ndipo alamuwo amafunsa kuti mayi ake aang'ono adzamunyamula liti. Achemwali amangoti ayi, osapereka chifukwa. Mayi akuti m'nyumba muja mwayamba kumveka mapokoso. Alamu amawanena akazi awo kuti ndi ouma mtima, kuti wolakwiridwa ndi iwo ndipo anaiwala kale, nanga m'bale wake weniweni akukakamiriranji? Achibale nawonso agwirizana nazo, akuti chibale ndi fupa sichiwola, namwino uja wanyanya. Achemwali amangomeza zonsezo. Akunyozeka m'nyumba yawo yomwe pofuna kundiphimba ine.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi kanthu kanu kamene mumakasunga mumtima n'kumati sikapweteka munthu poti simunakanene, simunakachite. Inenso ndinkatero. Ndinakadyetsa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tsiku limene kanafuna kudya kanasankha ndege yodzaza anthu. Musadzinamize kuti mukukalamulira.

Sindinatchule dzina la munthu kapena la malo, koma pali mmodzi amene akawerenga adzazindikira geti lake ndi kabuku kake. Achemwali, pepani, chimene munandiphimba ndavula ndekha. Alamu, akazi anu si ouma mtima. Chifukwa chake mwachidziwa tsopano, ndipo ulendo uno musandikhululukire.